Ndinkati ndi udokotala wa ziphuphu

Mwana wanga anandiuza kuti akufuna kudzakhala dokotala wa khungu ine ndili ndi mthiko m'manja, nsima ikubwadamuka pamoto. Munali mu Novembala 2023, atabwera kudzadya nafe chikondwerero cha Thanksgiving kuno ku South Bend, ku America. Ndinamuyankha mawu amene mpaka lero amandikumbutsa akafuna kundinyogodola. Ndinati, "Iwe, zaka zonsezi, ngongole yonseyi, kuti uzikafinya anthu ziphuphu?"

Kwa ine dokotala weniweni anali wong'amba anthu pamimba, wa mtima, kapena wochiritsa amayi oyembekezera. Wa khungu ndinkamuyika m'gulu la atsikana a ku saluni. Iye sanakwiye. Anadikira kuti ndiomole nsima, kenako anati, "Amayi, tavulani duku lanulo ndione."

Paliwombo panga panali dazi limene ndinakhala ndikulibisa zaka 6. Linayamba ngati kandalama ka 20 tambala, n'kumakula mozungulira, pakuyabwa, masiku ena pakunyerenyetsa ngati wina wapakapo tsabola. Ndinali nditapitako kale kwa madokotala awiri. Woyamba anati ndi mfundu, nandilembera shampu. Wachiwiri anangosuzumira ataima chapatali, nati ndi ukalamba ndi nkhawa, ndisiye kuluka zothina. Sanali anthu oipa ayi. Kungoti chimene ankayang'anacho sanachiphunzire bwino.

Mwanayo anapatula tsitsi ndi zala, naunika ndi tochi ya pafoni, natchula zilembo zinayi: CCCA. Dzina lonse ndi central centrifugal cicatricial alopecia, nthenda imene imagwira kwambiri amayi akuda. Mizu ya tsitsi imatupa mkati mwa khungu mpaka kusanduka chipsera, ndipo pamene pachita chipsera tsitsi silimeranso. Anandipezera dokotala wa khungu ku Chicago, mayi wakuda, amene ndinamudikira miyezi 4 kuti andione. Iyeyo anadula kachikopa kakang'ono n'kutumiza kokapima, ndipo zinatuluka zomwe mwana wanga ananena. Anandibaya majakisoni m'mutu momwemo, nandipatsa mankhwala opaka. Akundiperekeza pakhomo anati ndikanafika zaka 5 m'mbuyomo tikanapulumutsa tsitsi lambiri. M'galimoto pobwerera sindinayankhule mpaka titadutsa Gary.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumvetsera mwana wanga akamalankhula za sukulu yake, ndipo zimene ndaphunzira m'zaka ziwirizi n'zimene zandilembetsa nkhaniyi.

Ku America kuno anthu akuda ndife pafupifupi 13 pa 100 alionse, koma mwa madokotala a khungu akuda ndi 3 okha pa 100. Anzathu a Latino, a mabanja ochokera ku Latin America, amene m'dziko muno akuyandikira 19 pa 100, m'ntchito imeneyi ndi 4. Nthambi ya udokotala imene ili ndi anthu amenewa ochepa kuposa ya khungu ndi ya opaleshoni ya mafupa yokha. Ndipo vutoli likuyambira m'buku. Mu 2018 akatswiri awiri anawerenga zithunzi zoposa 4,000 za m'mabuku amene ophunzira udokotala amagwiritsa ntchito, napeza kuti za khungu lakuda zinali 4.5 pa 100. Buku limati yang'anani pamene pafiira. Nanga pa ine kufiirako mukakuona pati? Chiwengo chimene pa mzungu chimaoneka psuu, pa ife chimaoneka ngati phulusa kapena chimangoda kuposa malo ena. Mnyamata wina wobadwira ku Zimbabwe, Malone Mukwende, anatopa nazo zimenezi akuphunzira udokotala ku St George's ku London, ndipo mu 2020 iye ndi aphunzitsi ake awiri anatulutsa kabuku ka zithunzi zosonyeza mmene matenda amaonekera pa khungu lakuda. Wophunzira ndiye anachita kukonza buku.

Ndipo si ziphuphu zokha monga ndinkaganizira. Bob Marley anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36, ndi khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma imene inayambira pachala cha kuphazi. Mwa anthu akuda khansa imeneyi si yofala, koma ikabwera imakonda kuphazi, pachikhatho ndi pansi pa chikhadabo, malo amene dokotala wozolowera kufunafuna timadontho pamsana pa mzungu sayang'anako. Imapezeka mochedwa. Mwa azungu odwala melanoma kuno, oposa 90 pa 100 amakhala adakali moyo patatha zaka 5. Mwa akuda ndi pafupifupi 70.

Ndiye n'chifukwa chiyani ana athu salowamo? Ndinkaganiza kuti ndi fizi. Fiziyo ndi yoopsadi: wophunzira udokotala wokongola ndalama kuno amamaliza ali ndi ngongole ya madola pafupifupi 200,000. Koma ngongole imeneyo amasenza ndi onse, wofuna za ana ndi wofuna za khungu yemwe. Chimene chimasefa anthu pakhomo la udokotala wa khungu ndi ndalama zina, zazing'ono poyerekeza, zimene zimafunika mwezi wakutiwakuti, pamanja, ndipo zikapanda kupezeka mwezi umenewo mwayi wapita.

Ndifotokoze mmene zimayendera. Mwana akamaliza digiri yoyamba ya zaka 4, amalowa sukulu ya udokotala zaka zina 4. Akatero sanathe. Ayenera kupeza malo ophunzirira nthambi yake m'chipatala, chimene amati residency, ndipo ya khungu ndi zaka 4: chaka chimodzi cha matenda onse, zitatu za khungu lokha. Malowo sachita kukulembera kalata. Iwe umasanja zipatala zimene ukufuna, zipatala nazo zimasanja ophunzira amene zikufuna, kompyuta n'kulumikiza. Amati Match. Malo a khungu m'dziko lonseli amangopitirira pang'ono 500 pachaka, ndipo amawalimbirana ndi ana okhoza kwambiri m'kalasi, chifukwa malipiro ake ndi abwino ndipo sudzutsidwa kawirikawiri pakati pa usiku.

Kale mwana wa mphawi wanzeru ankatha kudzigulira malo ndi malikisi a Step 1, gawo loyamba la mayeso opezera chilolezo cha udokotala. Kuyambira Januwale 2022 mayesowo sakhalanso ndi malikisi, amangoti wakhoza kapena walephera. Cholinga chinali chabwino, kuchepetsa mpanipani pa ophunzira, koma osankha aja anangotembenukira ku zina: walemba kafukufuku wochuluka bwanji, ndipo akukudziwa ndani. Amene amapeza malo a khungu masiku ano amakhala ndi zolembalemba za kafukufuku zoposa 20 pa munthu mmodzi, kuphatikiza zimene anakaonetsa kumisonkhano. Zimenezo sungazilembe uli pakati pa mayeso ndi mawodi. Ambiri amaimika sukulu chaka chathunthu n'kukakhala pamapazi a pulofesa wina kuchita kafukufuku, ndipo malo ambiri otere salipira, kapena amalipira yongogulira sopo. Chaka chimenecho lendi ikufunika, inshulansi ya chipatala ikufunika, chiwongoladzanja cha ngongole ija chikungokula.

Ndiye pali zimene amati away rotation. M'chaka chomaliza wophunzira amapita mwezi wathunthu ku chipatala cha mzinda wina kukagwira ntchito yaulere, kuti akulu akumeneko amuone manja ake ndi khalidwe lake, mwina adzamulembere kalata yomuchitira umboni. Zili ngati mkamwini wapachikamwini: ulime m'munda wa apongozi aone ngati khasu umalitha. Koma mkamwini amadya nsima ya pakhomopo. Uyu amadzilipirira ndege, chipinda cha mwezi umodzi m'mzinda wodula, chakudya, kwinaku lendi ya kumene amakhala ikuwerengabe. Ofuna za khungu amapita kuwiri kapena kutatu. Mnzake wa mwana wanga, amene bambo ake ndi dokotala, anapita kunayi osawerenga n'komwe. Sindikumuda mtsikanayo, ndi waulemu ndipo amakonda mandasi anga. Koma iye atamva kuti wapatsidwa malo anaimbira bambo ake, pamene wanga anatsegula kakyuleta.

Ine ndimagwira ntchito usiku kunyumba yosamalira nkhalamba. Bambo a mwana wangayu amagwira kufakitale ya ma RV, magalimoto okhala ndi pogona m'kati, ku Elkhart, kumene ntchito imati ikachuluka mugwire mpaka Loweruka, ikachepa mukhale kunyumba. Kumudzi nakonso foni siisiya kulira: fetereza, fizi ya ana a achimwene, maliro. Tinakhala patebulo usiku wina mu Epulo 2024, mwanayo pafoni, kuwerengetsera chaka cha kafukufukucho. Zinakana. Bambo ake anati, "Mwanawe, bwanji ungotenga za matenda onse, umalize msanga uyambe kulandira?" Sankalakwa. Ana ambiri a m'mabanja ngati lathu amapatuka pamphambano imeneyi, ndipo palibe amene amawalemba kuti analephera, chifukwa sanafunsire n'komwe.

Chimene chinatiwombola ndi timathumba tating'ono tandalama timene anthu ena anakhazikitsa atauona mpata umenewu. Bungwe lalikulu la madokotala a khungu, American Academy of Dermatology, lakhala kwa zaka zambiri ndi pologalamu yolumikiza wophunzira wochokera m'magulu osowa m'ntchitoyi ndi dokotala womuongolera kwa mwezi umodzi, n'kumupatsa kandalama kodyera ndi kogonera. Pambuyo pake linayambitsanso ina yotchedwa Pathways mothandizana ndi kampani ya Johnson & Johnson, yofuna kuchulukitsa ophunzira akuda, a Latino ndi eni nthaka a ku America m'ma residency pofika 2027. Skin of Color Society, imene Dr. Susan C. Taylor anayambitsa mu 2004, imapereka alangizi ndi thandizo la kafukufuku ndi la kukaphunzira kwa akatswiri. Madipatimenti ambiri a m'mayunivesite nawonso ali ndi kathumba kolipirira alendo a mwezi umodzi aja.

Mwana wanga analemba makalata opempha mpaka zala kuwawa. Ambiri sanayankhidwe. Koma anapeza malo a kafukufuku olipira pang'ono, okwana lendi ndi mpunga, ndipo chaka chotsatira dipatimenti ina ya kum'mawa inamupatsa madola 2,000 a mwezi wa Ogasiti. Tikamatchula ngongole ya 200,000, madola 2,000 amaoneka ngati mchere wa m'ndiwo. Koma ndiwo amene anamulowetsa m'chipinda mmene munali munthu amene anadzamulembera kalata. Away rotation yachiwiri tinalipira ndi chipereganyu. Amayi a m'gulu lathu anagwirizana kuti ine ndilandire mu Julayi m'malo mwa Disembala, ndipo mayi amene anandisiyira mwezi wake anangoti, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, adzatichiritse madaziwa." Tinaseka, koma mwa amayi 12 a m'gulumo, anayi timavala mawigi pa chifukwa chimodzi.

Kuthandizana kotere sikunayambe lero. Lipoti la Flexner la mu 1910, lounika sukulu za udokotala kuno, linatseketsa sukulu 5 mwa 7 zimene zinkaphunzitsa anthu akuda udokotala, n'kutsala Howard ndi Meharry zokha. M'zaka zovuta zimenezo munatuluka Dr. Theodore Lawless, wobadwa mu 1892 ku Louisiana, amene anakhala katswiri wa khungu ku South Side ya Chicago, nafufuza za khate ndi chindoko. Odwala ankachita mzere pakhomo pake, akuda ndi azungu omwe, ndipo chuma chimene anapeza anachigwiritsa ntchito kulipirira ophunzira akuda ndi kuthandiza sukulu zawo, monga Dillard ku New Orleans. Pambuyo pake Dr. John A. Kenney Jr. ku Howard anaphunzitsa mbadwo wonse wa madokotala akuda a khungu. Dr. Taylor uja mu 2025 anakhala mayi wakuda woyamba kutsogolera American Academy of Dermatology. Ndikamadutsa ku South Side popita kukabayitsa majakisoni anga ndimamukumbukira Lawless, munthu amene mbiri yake ndinaimva dzana lomweli.

Koma mwana wanga wafika pamene mphepo yatembenuka. Pa 29 Juni 2023 khoti lalikulu la dziko lino linagamula kuti mayunivesite asamayang'anenso mtundu wa munthu posankha ophunzira. Chigamulocho chinali cha kasankhidwe, koma mantha ake anafalikira ku mathumba a thandizo, makamaka magulu ena atayamba kusumira mabungwe opereka ndalama kwa anthu a mtundu wakutiwakuti. Mu Malichi 2024, kumsonkhano wa pachaka ku San Diego, madokotala ena a khungu anabweretsa ganizo loti bungwe lawo lithetse mapologalamu onse otere. Ganizolo linakanidwa. Komabe mafomu anasintha mawu. Pamene kale ankafunsa kuti ndiwe wa mtundu wanji, tsopano amafunsa ngati unakulira m'umphawi, ngati ndiwe woyamba m'banja kufika ku koleji, ngati uli ndi mtima wotumikira madera osowa madokotala. Ena anangotseka mwakachetechete, tsamba la pa intaneti n'kuzimiririka. Ndipo lamulo limene linasainidwa mu Julayi 2025 likuti kuyambira Julayi 2026 wophunzira udokotala watsopano azikongola kuboma madola osapitirira 50,000 pachaka, ndi 200,000 pa maphunziro onse. Wanga wapulumuka chifukwa akumaliza. Obwera m'mbuyo mwake otsalawo azikawafuna kumabanki, kumene amafunsa kuti wokusainira ndani.

Pa kusintha kwa mafomuko mtima wanga uli pawiri, ndipo ndinene chilungamo. Kufunsa za umphawi sikolakwika. Mwana wa mzungu wa kumapiri a West Virginia, amene kwawo dokotala wa khungu ali pa mtunda wa maola atatu, nayenso amagwa pamphambano yomwe ija, ndipo sindingakondwe kuti amanidwe. Ndiponso pali funso limene ife obwera sitikonda kulimva. Mathumba amenewa anamenyeredwa ndi zidzukulu za akapolo, anthu amene sukulu zawo zinatsekedwa chifukwa cha lipoti la mu 1910 lija. Ife tinatsika ndege dzulo, ena tili ndi madigiri a ku Chancellor College m'chikwama, ana athu n'kumalowa pa khomo limene eni ake anagogoda zaka 100. Mnzake wina wa mwana wanga, wa ku Mississippi, anamuuzapo zimenezi maso ndi maso. Anakwiyirana sabata imodzi, kenako anagwirizana kuti onse awiri azipempha ndipo aziuzana pamene pali ndalama. Koma ndikamva wina akunena kuti khungu lisatchulidwe n'komwe, m'nthambi imene ntchito yake ndi khungu, ndimagwira paliwombo panga.

Ena amati mzungu naye angathe kuphunzira khungu lakuda. N'zoona, ndipo ayenera kutero, chifukwa madokotala akuda sadzakwana kuona tonsefe. Amene anamulembera kalata mwana wanga ndi mzungu wachikulire wa imvi mbuu, amene wakhala zaka zambiri akujambula zithunzi za matenda pa khungu lakuda kuti aziphunzitsira. Koma iye yemweyo anamuuza kuti zambiri za tsitsi lathu anaziphunzira kwa ophunzira ake akuda. Ndiwo anamuuza kuti mayi woluka mesh sungamulembere shampu yosamba tsiku lililonse, chifukwa angovomera mwaulemu n'kukaiponya m'kabati. Ndiwo amadziwa kufunsa za mafuta oyeretsa khungu popanda kumuchititsa munthu manyazi. Ine dokotala wa ku Chicago uja asanandigwire m'mutu anayamba wandifunsa kuti wigi ndivula ndekha kapena andithandize, natseka chitseko. Awiri oyamba aja sanaganizeko zimenezo.

Achimwene anga ku Zomba atamva nkhaniyi anafunsa funso limene ndinkaliyembekezera: "Ndiye adzabwera kudzagwira kuno?" Kwathu madokotala a khungu ndi owerengeka pa zala. Ntchito yambiri, ya mphere, zipere, khate, khansa ya Kaposi ndi khansa ya pakhungu ya abale athu achialubino, imagwiridwa ndi ma clinical officer, ena mwa iwo ophunzitsidwa ku Regional Dermatology Training Centre ku Moshi, Tanzania, imene inatsegulidwa mu 1992. Ndinawayankha kuti ngongole ya madola siibwezedwa ndi malipiro a makwacha. Mwina azidzabwera mwezi umodzi pachaka, mwina azidzaona zithunzi pafoni n'kumalangiza. Sindinafune kuwalonjeza za mwini wake. Anangoti, "Chabwino, walira mvula walira matope," n'kusintha nkhani kufunsa za fetereza.

Mafomu a Match anatumiza mu Sepitembala. Mayeso a Step 2 okha, gawo lachiwiri la mayeso a chilolezo aja, anadya madola oposa 600, mafomuwo nawonso amalipiritsa pa chipatala chilichonse chimene wafunsira. Mwayi wake ma interview ambiri masiku ano amachitikira pa kompyuta, chinthu chimodzi chabwino chimene Covid anatisiyira, moti jekete imodzi yomweyo yagwira ntchito ponseponse. Anaitanidwa ku zipatala 9. Akuti si zoipa, koma m'nthambi imeneyi chaka chilichonse pamakhala ana okhoza bwino amene amatsala opanda malo, ndiye sitikuimba nthungululu. Zotsatira zimatuluka sabata ya Lachisanu lachitatu la Malichi: Lolemba amauzidwa ngati wapeza malo, Lachisanu masana amatsegula envelopu kuti adziwe kumene akupita. Ndapempha kale kuntchito kuti usiku wa Lachinayi ndisagwire.

Pa Khirisimasi anabwera. Titamaliza kudya anandikhazika pampando wa kukhitchini pansi pa getsi, nachotsa duku, napatula tsitsi pang'onopang'ono monga anachitira tsiku loyamba lija, koma tsopano ndi kagalasi kake kounikira khungu kamene anagula ndi ndalama yotsala ya mu Ogasiti. Anayerekeza ndi chithunzi cha chaka chatha pafoni, nayang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, malire ake sanasunthe. Mankhwala aja mukupakadi?"

Ndinati ndikupaka. Bambo ake ali pabalaza anakuwa kuti ndikunama, Lamlungu ndimaiwala.